Chipangizo chikanama m'mitambo, maso apite kuti?

Funso

A Kaputeni, ndine mtsikana wa ku Zomba, ndikuphunzira kuyendetsa ndege ku South Africa. Laisensi yoyamba ndinatenga chaka chatha, pano ndili pa maphunziro ouluka ndi zipangizo zokha, osaona kunja. Sabata yatha aphunzitsi anandiveka chipewa chotchinga maso chija, tikuyeserera kutera ndi ILS, njira yoterera potsatira siginolo za wailesi zochokera pa bwalo. Titayandikira, muvi wa localizer, womwe umasonyeza ngati ndege yalunjika pakati pa msewu wotererapo, sunkayenda momwe ndimayembekezera. Ndinayamba kutokosa GPS kuti ndione chavuta n'chiyani. Pomwe ndimadzutsa mutu, ndege inali itatsika mafiti 300 komanso itakhota madigiri oposa 30. Aphunzitsi anandilanda ndege. Titatera anandionetsa kuti batani losankha ngati muvi umvere GPS kapena wailesi ya pansi (VLOC) linali likadali pa GPS. Chikundizunguza n'chakuti tsiku ndi tsiku amandiuza kuti khulupirira zipangizo, thupi lako usalikhulupirire. Nanga chipangizocho chikanama, ndingadziwe bwanji? Ndayamba kukayika ngati ntchitoyi ndingaithe.

Yankho

Achemwali, ntchitoyi muitha, ndipo ndayambira pomwepa kuti mtima ukhale m'malo. Zakuchitikiranizi ndaziona kwa ophunzira ambiri pa zaka zomwe ndakhala ku mpando wakumanja ngati mphunzitsi, ena mwa iwo lero akuyendetsa ndege zikuluzikulu. Komabe sindikunyengererani kuti inali nkhani yochepa. Tsiku limenelo panachitika zinthu ziwiri, ndipo inu mwagwira chaching'ono n'kusiya chachikulu. Chaching'onocho ndi batani lija. Chachikulu n'chakuti kwa kanthawi ndithu ndege inali m'mwamba yopanda woiyendetsa. Aphunzitsi anu anailanda chifukwa cha chimenechi.

Tiwerengere limodzi. Kandege kophunzirira kakamathamanga ma knots 90, kakapendeketsa phiko ndi madigiri 15 okha, kamakhota pafupifupi madigiri 3 pa sekondi iliyonse. Ndiye kuti madigiri 30 anuwo amangofuna masekondi 10. Mafiti 300 nawo, ngati mumatsika mafiti 600 pa mphindi, ndi theka la mphindi. Choncho maso anu anakhala pa GPS penapake pakati pa masekondi 10 ndi 30. Ndikanakufunsani nthawi yomweyo mukanalumbira kuti munangosuzumirapo. Mutu wa munthu ndi wotero: ukakodwa pa funso lomwe silikumasuka, umaiwala kuwerenga nthawi.

Mwina mukudabwa kuti thupi silinakutsineni bwanji. M'kati mwa khutu muli timachubu titatu tokhota, todzaza madzi, tomwe timatiuza kuti mutu ukutembenuka. Munthu akamayenda pansi, maso akuthandizira, timagwira ntchito bwino. Koma ndege ikamapendekeka pang'onopang'ono, osafika madigiri 2 pa sekondi, timachubuto sitimva kanthu. Ikakhalanso ikukhota mofanana kwa masekondi ngati 20, madzi aja amakhazikika, thupi n'kumati tili chiwongokere. Mukadzati muiwongole ndegeyo, m'pomwe thupi limayamba kukuwa kuti mwapendekera mbali inayo. Mu 1954 akatswiri a pa University of Illinois ku America anatenga oyendetsa ndege 20 omwe anali asanaphunzire kuuluka ndi zipangizo, n'kuwatchingira kuti asaone kunja. Onse ndege inawapulumuka m'manja, ndipo powerengera pakatikati zinawatengera masekondi 178 okha, mphindi zosakwana zitatu. Aphunzitsi akamakuimbirani nyimbo yoti thupi musalikhulupirire, akunena zoona ndithu.

Wophunzira aliyense akafika pomwe mulipa ndimamusimbira za usiku wa pa 29 Disembala 1972. Ndege ya Eastern Air Lines, Flight 401, ya mtundu wa Lockheed L-1011, yatsopano, inachoka ku New York kupita ku Miami. Atatsitsa matayala, kababu kobiriwira kosonyeza kuti tayala lakutsogolo lakhazikika sikanayake. Anasiya kaye zotera, n'kukazungulira pa mafiti 2,000 pamwamba pa madambo a Everglades, komwe usiku ndi mdima wa ndiwe yani. Anasiyira autopilot kuti igwire ndege, onse n'kuunjirira kababu kaja: wina akukazula, wina akuyesa kukabwezera, wina watsikira kunsi kukasuzumira tayala. M'kati mwa piringupiringuyo chiwongolero chinakhudzidwa pang'ono, autopilot inasiya kusunga mafiti aja, ndege inayamba kutsika mwakachetechete. Belu lochenjeza linalira, palibe analimva. Pomwe wothandizira kaputeni amazindikira kuti altimeter, chipangizo chosonyeza mafiti omwe ndege ili m'mwamba, ikuwerenga zina, kunali kutatsala masekondi ochepa. Anthu 101 anafa. Ofufuza anapeza kuti tayala lija linali litatsika bwinobwino, chomwe chinapsa ndi babu. Kaputeni wa ndegeyo anali ndi maola ouluka pafupifupi 30,000. Ma altimeter awo ankanena zoona nthawi yonseyo, woziyang'ana ndiye panalibe. Nkhaniyi imandiwawa nthawi iliyonse ndikaikumbukira, chifukwa anthuwo sanali osasamala. Ankayesetsa kukonza vuto, monga momwe inu munkachitira ndi GPS yanu.

Tsopano tibwere ku funso lanu lenileni. Mawu akuti khulupirirani zipangizo amvetseni bwino: akunena zipangizo, zambiri, palibe anati chipangizo chimodzi. Kwa amfumu mlandu sugamulidwa atamva mboni imodzi, ndipo mboni ziwiri zikakhala za nyumba imodzi anthu amadziwa kuti zikhoza kupangana. M'ndege zipangizo nazo zili ndi mabanja awo. Mu kandege kakale, attitude indicator (yosonyeza mapendekedwe a ndege) ndi heading indicator (yosonyeza komwe ndege yaloza) zimazunguzidwa ndi pampu imodzi ya vacuum. Turn coordinator, yosonyeza kukhota, imayendera magetsi. Airspeed indicator (yosonyeza liwiro), altimeter ndi VSI (yosonyeza mafiti okwera kapena otsika pa mphindi) zimadalira mpweya wolowa pa kachubu ka pitot ndi pa timabowo ta static. Kampasi ili payokha, ilibe mbale. Attitude indicator ikati mwapendekera kumanja ndipo mwayamba kuikayikira, kafunseni turn coordinator ndi kampasi. Heading indicator musaifunse, poti awiriwo amadyera mbale imodzi. Ikati mphuno yadzuka, onani altimeter ndi liwiro. Ngati ndege yanu ndi ya masikirini, mabanjawo alipobe, angobisala kuseri kwa galasi: pali kabokosi kodziwa mapendekedwe, pali ka mpweya, pali GPS, ndipo pambali pali tizipangizo tapadera tomwe anaika dala kuti tikhale mboni ya nyumba ina. Dziwani chomwe chimadyetsa chilichonse mwa izo m'ndege yomwe mukuphunzirayo, mpaka muzitha kujambula pa pepala osayang'ana buku.

Pampu ya vacuum ikafa siitsanzika. Gyro, kagudumu kozungulira m'kati mwa chipangizo, imapitiriza kuzungulira kwa mphindi zingapo, ikufooka, ndipo attitude indicator imayamba kugona pang'onopang'ono ngati munthu wosinza. Woyendetsa wosafunsa mboni ina amaitsatira mokhulupirika mpaka ndege yapendekeka. Pa 16 Okutobala 2000 bwanamkubwa wa chigawo cha Missouri ku America, Mel Carnahan, anafa pa ngozi ya Cessna 335 usiku kukugwa mvula. Woyendetsa anali atauza kale oyang'anira ndege kuti attitude indicator yake yayamba kuvuta ndipo akuyesa kugwiritsa ntchito ya ku mpando winawo. Ankadziwa kuti chipangizo chafa, koma ndege inamupulumukabe. N'chifukwa chake ndimauza ophunzira kuti aziyenda ndi kapepala komata m'thumba. Chipangizo mwachigwira bodza, chiphimbeni. Maso anazolowera kupitako, ndipo chikakhala poyera adzapitakobe, dzanja n'kutsatira.

Koma muvi wanu uja sunaname ayi. Unkayankha funso lomwe munaufunsa. Pa zipangizo monga Garmin GNS 430, muvi umodzi umatumikira mabwana awiri. Batani likakhala pa GPS, muvi umakuuzani kutalika kwanu ndi mzere womwe kompyuta yajambula. Likakhala pa VLOC, umamvera wailesi ya pansi, ndipo pa localizer madigiri ngati 2.5 okha amakwana kuukankhira kumapeto. Mayendedwe ake amasiyana, n'chifukwa mtima unakuuzani kuti pali china chake. Kukayika kwanuko kunali kolondola, ndipo ndikufuna mukusunge. Zipangizo zina zimasintha zokha kuchoka pa GPS kupita pa VLOC zinthu zikakhala m'malo mwake, koma ine ndimaphunzitsa kuti musadikire zimenezo. Werengani kalembo kowalako ndi maso anu, katchuleni ndi pakamwa.

Zambiri zomwe timati chipangizo chalakwitsa zimakhala za mtundu umenewu. Pa 20 Disembala 1995 ndege ya American Airlines, Flight 965, Boeing 757, inkatsikira ku Cali m'dziko la Colombia usiku, m'chigwa chokhala ndi mapiri mbali zonse. Atasinthiridwa njira yoterera mofulumira, oyendetsa anafuna kulunjika pa siteshoni ya wailesi yolondolera ndege, ya mtundu wa NDB, yotchedwa Rozo, yomwe pa tchati inalembedwa ndi chilembo R. Anadina R mu kompyuta n'kuvomereza dzina loyamba lomwe linabwera. Dzinalo linali Romeo, siteshoni ya kufupi ndi Bogotá. Ndege inamvera, inakhotera kumanzere kuchoka m'chigwa, uku ikutsikabe, iwo mitu ili pansi akufunsana kuti tili pati. Inagunda phiri, anthu 159 anafa, anayi okha ndiwo anapulumuka.

Yapafupi ndi kwathu ndi ya pa 19 Okutobala 1986. Ndege ya Tupolev Tu-134 yomwe inanyamula mtsogoleri wa Mozambique, Samora Machel, kuchokera ku msonkhano ku Mbala m'dziko la Zambia, inakhota kumanja madigiri 37 nthawi isanakwane potsatira siginolo ya VOR, mtundu wina wa siteshoni yolondolera ndege, yomwe oyendetsa ankaiyesa ya Maputo. Inagwa m'mapiri a Lebombo pa Mbuzini, ku South Africa, ndipo anthu 35 anafa. Komwe siginoloyo inachokera ndi nkhani yomwe anthu akutsutsanabe. Bungwe lofufuza la South Africa lotsogozedwa ndi jaji Cecil Margo linati mwina oyendetsa anatchera siteshoni ya Matsapa ku Swaziland, pomwe a Soviet Union anati panali siteshoni yabodza yoikidwa dala kuti isocheretse ndegeyo. Mlandu umenewo si wanga kugamula. Chomwe ndimatolapo monga mphunzitsi n'chakuti ndegeyo inapitiriza kutsika usiku bwalo lisakuoneka, ndipo chipangizo chochenjeza kuti nthaka yayandikira chinalira kwa masekondi ngati 30 ndege osakwezedwa. Kaya siginolo inali yolakwika mwangozi kaya mwachiwembu, mboni ina inalipo ndipo inkafuula.

Apa m'pomwe pali phindu la kamwambo komwe ophunzira ambiri amakaona ngati kachikale: kumvetsera Morse. Siteshoni iliyonse ya VOR, ya localizer ndi ya NDB imatchula dzina lake ndi timaliwu tatifupi ndi tatitali, ndipo timadontho take tinalembedwa pa tchati. Mukatchera frequency, tsegulani mawu mumve dzinalo musanakhulupirire muvi. Amisiri akamakonza siteshoni amachotsa dzinalo, ndiye mukamva zii, muviwo si wanu ngakhale ukuoneka wamoyo. ADF, yomwe muvi wake umaloza ku siteshoni ya NDB, ndiyo yofunika kuichenjerera kwambiri, poti m'ndege zambiri zazing'ono ilibe kambendera kosonyeza kuti yafa. Siteshoni ikazima muvi umangoima pomwe unali, ndipo kukakhala mabingu umakopeka n'kumaloza ku mphezi. Amene adzauluke kwathu kuno m'nyengo ya dzinja azikumbukira zimenezi, ndipo Morse ya NDB aziisiya ikulira chapansipansi mpaka atatera.

Nanga lilipo tsiku lomwe zonse mwachita bwino, frequency ndi yolondola, Morse ikumveka, kambendera kofiira kulibe, koma muvi ukunamabe? Lilipo. Ndi losowa, koma linawagwera oyendetsa Boeing 767 ya Air New Zealand, Flight 60, usiku wa pa 29 Julayi 2000 akutera ku Apia m'dziko la Samoa. Kuti mumvetse, kumbukirani momwe glide slope, siginolo ya ILS yosonyeza njira yotsikira, imagwirira ntchito. Siteshoni imatumiza maliwu awiri, la 90 Hz lomwe limakula mukakhala pamwamba pa njira, ndi la 150 Hz lomwe limakula mukakhala pansi pake. Wailesi ya m'ndege imangoyerekeza awiriwo, akafanana muvi umakhala pakati. Usiku umenewo siteshoni inali ndi vuto loti maliwu awiriwo ankamveka ofanana paliponse, ndipo chipangizo cha pansi chomwe chimayenera kuizimitsa ikalakwa chinali chitalambalalidwa. Ndege ikhale pamwamba, ikhale pansi, muvi unali pakati, phee. Autopilot inaugwira nthawi isanakwane n'kuyamba kutsika mwaliwiro, bwalo likadali kutali. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chomwe chinawapulumutsa n'chakuti anayerekeza mtunda wa pa DME, chipangizo choyeza mtunda wotsala kukafika pa siteshoni, ndi mafiti a pa altimeter, manambala n'kukana kugwirizana, ndipo nyali za pa chilumba sizinkaoneka momwe zimayenera kuonekera. Sanadikire kuti amvetse chomwe chavuta. Anakweza ndege, n'kudzateranso osadalira glide slope ija. Palibe anavulala.

Masamu omwe anawapulumutsawo ndi a sitandade 5. Njira yotsika ya madigiri 3 imatsika mafiti ngati 320 pa nautical mile iliyonse. Mukakhala mamailosi 5 kuchokera poyambira msewu wotererapo muyenera kukhala mafiti ngati 1,600 pamwamba pa bwalo, pa mamailosi 3 pafupifupi 1,000. Matchati ambiri ali ndi kabokosi ka manambala amenewa, ndipo onse amasonyeza mafiti oyenera kudutsira pa final approach fix, malo omwe gawo lomaliza la kutera limayambira. Palinso kachiwerengero kena: liwiro lanu la pansi kuchulukitsa ndi 5 kumakupatsani mafiti otsika pa mphindi. Pa ma knots 90 ndi mafiti 450. Mukaona kuti muvi uli pakati koma VSI ikuti 1,200, wina akunama. Muvi womwe sukugwedezeka ngakhale pang'ono, inu mukudziwa kuti dzanja lanu silinafike poyendetsa mosalala chotero, muziukayikiranso. Ndipo glide slope muziilowa kuchokera kunsi kwake, chifukwa pamwamba pa yeniyeniyo pamakhala zina zabodza zotsetsereka kwambiri.

Ndibwerere pang'ono ku mboni za nyumba imodzi, poti pali msampha womwe masamu awa saugwira. Pa 23 Meyi 2022 Airbus A320 yochokera ku Stockholm inkatera ku Paris Charles de Gaulle kukugwa mvula, pa njira yomwe kutsika kwake kumadalira altimeter. Woyang'anira ndege anawapatsa QNH, nambala ya kulemera kwa mpweya yomwe amatchera pa altimeter, ya 1011 m'malo mwa 1001. Kusiyana kwa 10 kumeneko ndi mafiti ngati 280. Oyendetsa ankayerekeza mtunda ndi mafiti, zonse zinkagwirizana, chifukwa njira yotsikayo ndi altimeter zinkamwa pa chitsime chimodzi chomwe chinali chitaipa. Pokweza ndege atalephera kuona bwalo, inatsala mafiti 6 kuti ikhudze nthaka kunja kwa bwalo. QNH yolondola inali itamveka kale pa ATIS, uthenga wojambulidwa wa pa wailesi wonena za nyengo pa bwalo. Choncho nambala yomwe mwalemba pa ATIS muziiyerekeza ndi yomwe a pa nsanja akupatsani, ndipo zikasiyana kwambiri funsani. Wolankhula pa wailesiyo naye ndi munthu, lilime limaterereka.

Tsopano zochita dzanja lili pa chiwongolero. Maso anu kwawo ndi pa attitude indicator. Kwina konse amapita ngati mwana wotumidwa kukapala moto: afike, atenge, abwerere. Mukafuna kusintha kanthu pa GPS, dinani kamodzi, bwererani kwanu, onani mapiko, onani altimeter, onani heading, kenako mukadinenso kachiwiri. Zimaoneka zochedwetsa, ndipo wophunzira amafuna amalize zonse nthawi imodzi kuti apume. Chilakolako chomalizacho ndicho chinakudyerani mafiti 300. Musanatambasule dzanja kupita pa batani, ndege ikhale yotchereredwa bwino pa trim, kachipangizo kopeputsa chiwongolero kuti ndege ikhazikike, ndipo dzanja lomwe latsala pa chiwongolero lifewe, chifukwa thupi likapendekera ku wailesi dzanja limakoka ndege kupita komweko mwini wake osadziwa. Pewaninso kutokosa mabatani muli m'kati mokhota kapena mutatsala pang'ono kufika pa mafiti omwe mwauzidwa. Mapanga awiri avumbwitsa.

Muvi ukakudabwitsani, dzipatseni mafunso ochepa omwe maso angayankhe mosuzumira: muvi ukumvera ndani, frequency ili pa mbali yogwira ntchito kapena yodikira, course yomwe ndatchera ndi ya pa tchati? Akapanda kumasula vutolo, lekani kufufuza. Ngati simunayambe kutsika, musatsike. Khalani pa mafiti otetezeka, uzani oyang'anira ndege kuti mukufuna nthawi, akupatseni heading kapena malo ozungulirapo, mukonze zinthu mtima uli pansi. Ngati mwadutsa kale final approach fix, kwezani ndege mutsate missed approach, njira ya pa tchati yotsata mukasiya zotera. Kumeneko si malo ochitira kafukufuku. Ophunzira ambiri amaona ngati kukweza ndege n'kulephera mayeso. Ine wophunzira yemwe wakayika n'kukweza ndege mwadongosolo ndimamudalira kuposa yemwe wakakamira mpaka watera mwamwayi.

Wailesi nayo ndi wakuba wa maso. Ife amene Chingerezi tinachipezera ku sukulu timakhala ndi katundu wapadera: woyang'anira ndege akalankhula mothamanga, mutu umathamangira kumasulira ndi kukonza yankho kuti tisachite manyazi pa wailesi pomwe aliyense akumva. Ndaonapo ophunzira akusiya ndege ikupendekeka kuti ayankhe msanga. Mawu akuti standby (dikirani) ndi say again (bwerezani) anaikidwa kuti muziwagwiritsa ntchito, ndipo palibe woyang'anira ndege wanzeru amene amakwiya nawo. Ndondomeko yomwe mwaimva kale ija, aviate, navigate, communicate, ikutanthauza zomwezo: yambani mwagwira ndege, kenako dziwani komwe muli, kulankhula kubwere pambuyo. Ku America, kuyambira 1981, lamulo limaletsa oyendetsa ndege zonyamula anthu kucheza nkhani zosakhudza ulendo akakhala pansi pa mafiti 10,000. Kandege kanu nthawi zambiri sikafika n'komwe kumeneko, ndiye dziikireni malire anu: kuyambira pomwe mwayamba kukonzekera kutera, nkhani zina zonse ziime, ngakhale woyambitsa akhale mphunzitsi.

Ndinenepo za aphunzitsi, poti nafenso tili ndi mbali yathu. Inu mukavala chipewa chija, maso a ndege yonse ndi a mphunzitsi. Akaweramira nanu pa GPS kuti akuonetseni batani, ndege imakhala ilibe woona kunja, ndipo malo ophunzirirako kumakhala tindege tambiri tikuyeserera njira imodzimodzi. Aphunzitsi anu anachita bwino kukusiyani mulakwitse kufika pomwe munaona zotsatira, n'kulanda nthawi ikadalipo, n'kudikira mpaka pansi kuti akufotokozereni. Chomwe ndimatsutsana nacho ndi chizolowezi chophunzitsa kufa kwa chipangizo pongochiphimba ndi kapepala basi. Kumeneko wophunzira amadziwa kuuluka popanda chipangizocho, koma saphunzira kuchigwira chikunama, pomwe luso lovuta ndi limenelo. Malo ake ndi mu simulator. Apempheni kuti akuphereni vacuum mwakachetechete, akutsekereni pitot mukukwera muone liwiro likukwera limodzi ndi ndege ngati altimeter, akusinthireni frequency inu osaona. Zoterezi zisachitikire m'mitambo yeniyeni, ndipo mphunzitsi wofuna kuzula ma circuit breaker muli m'mitambo mukanireni mwaulemu.

Batani lanu lija mankhwala ake ali pansi, ndege isanalire. Garmin ndi makampani ena ali ndi mapulogalamu oyeserera pa kompyuta. Khalani nawo madzulo, mulowetse njira yoterera, muisinthe, muifufute, mulowetse ina, mpaka zala zizidziwa zokha komwe zikupita. Nthawi ya m'mwamba mukulipira ndalama zambiri pa ola, si yophunzirira mabatani. Musananyamuke onani kuti database ya GPS ndi ya nyengo ino, poti imasintha masiku 28 aliwonse, ndipo werengani ma NOTAM mudziwe siteshoni yomwe yazimitsidwa kapena yomwe ikuyenda popanda woilondera. Heading indicator ya vacuum muziifananitsa ndi kampasi mphindi 15 zilizonse, ndege ili chiwongokere, komanso musanayambe njira yoterera. Kulakwa kwa digiri imodzi kumakutayani mailo imodzi pa mamailosi 60, ndiye madigiri 10 pa mamailosi 30 ndi mamailosi 5. Mukadzabwerera kumudzi mudzaona chomwe mamailosi 5 amatanthauza tsiku la chiperoni, mitambo itakwirira Michiru ndi Ndirande inu mukufuna Chileka, kapena Mulanje atabisala ndi nsonga yake ya Sapitwa ya mamita 3,002.

Pa phunziro lanu lotsatira, pemphani kubwereza ILS yomweyo. Mukadali kutali, ndege ili phee, tchulani mokweza mukuloza ndi chala: frequency iyi, Morse ndamva, course iyi, muvi uli pa VLOC, QNH iyi, pa final approach fix ndidutse pa mafiti akuti, ndikakayika ndikwera molunjika kwakuti mpaka mafiti akuti. Kenako apempheni aphunzitsi agwire wotchi, ndipo nthawi iliyonse maso anu akachoka pa attitude indicator kupitirira masekondi 3 azigogoda pa dashibodi. Ulendo woyamba adzagogoda kambirimbiri. Muwerenge kuti agogoda kangati, mulembe m'kabuku kanu, ndipo mukauluka maulendo asanu mudzandilembere mundiuze nambala ya tsiku loyamba ndi ya tsiku lomaliza.